Zenera la a Matewere

Kuno kwathu ku Bawi eni maminibasi amati ndine wovuta. Munthu amabwera galasi lakumbuyo likudontha, amafuna ndingofinya chubu cha silikoni, ndipake ndi chala, iye azipita akanyamule anthu. Ine ndimakana. Ndimamuuza kuti tichotse galasi lonse, tipale zakale, timate bwinobwino, apo ayi apite kwa wina. Ena amandijeda kuti ndimadzimva chifukwa ndinakhalako ku Kenya. Si kudzimva ayi. Pali zenera lina limene ndinalimata moipa mwadala, ndi manja angawa, ndipo mpaka lero likundivutabe mumtima.

Ku Kenya ndinapita pa thiraki. Dalaivala wina wa kwathu kuno ankanyamula katundu kupita kumeneko, ndiye tsiku lina anandiuza kuti kuli galaja ina ikufuna munthu wodziwa kuwongola malata a galimoto. Ndinasiya amake Chisomo ndi ana awiri, wamng'onoyo asanayambe n'kuyenda komwe. Ndinawauza kuti ndikakhala chaka chimodzi chokha. Zaka zimene ndinakhala sindikonda kuziwerenga.

Galajayo inali ku Athi River, kunja kwa Nairobi, kumene kuli mafakitale a simenti. Fumbi lake, abale inu! Ukachapa malaya n'kuyanika, pofika madzulo ali mbuu ngati wagona nawo m'chigayo. Ndinkakhala m'kachipinda ka malata kuseri kwa galaja. Munali bedi, mbaula ya palafini ndi msomali wopachikapo thalauza, basi.

Magalimoto amene tinkakonza si ngati athu ano. Kumeneko amati kampa. Ndi galimoto yokhala ndi nyumba mkati, muli bedi, kasinki, kambaula, mazenera m'mbali, ndipo padenga pali kachitseko kotulutsira mpweya kamene timati venti. Anthu opeza bwino amapita nazo kukaona nyama n'kumagona momwemo. Koma kampa iliyonse, kaya ndi yodula bwanji, matenda ake ndi amodzi: kudontha. Misewu yamabampu imagwedeza mazenera, dzuwa limawotcha zomatira, mvula ikangobwera madzi amapeza polowera.

Mwini galaja anali Mzee Mutiso, nkhalamba yowonda yosaseka wamba. Ataona kuti manja anga sachita phuma, anandichotsa ku malata n'kundipatsa mazenera. Iyeyo ndiye anandiphunzitsa kusankha tepi yomatira. Anayala mipukutu itatu patebulo. Woyamba unali wa siponji. Anauviika m'madzi n'kuufinya pamaso panga, madzi n'kumachucha, kenako anauponya kumbali. Iwiri yotsalayo inali yofanana ndendende, yotuwa, yofewa, yokulungidwa ndi pepala. Anatsina wina n'kukoka, unaduka ngati dongo. Anatsina winawo, unatamuka ngati ulimbo, kumangotalika osaduka.

"Iyi ndiye byutilo," anatero m'Chiswahili chimene nthawi imeneyo ndinkangotola apa ndi apo. "Siuma. Galimoto ikagwedezeka, iyo imagwedezeka nayo limodzi. Inayi ndi yotchipa, dzuwa likaiwomba miyezi ingapo imauma n'kung'aluka. Maso sangakuuze. Funsa zala."

Zina ndinaziphunzira pang'onopang'ono. Tepi uyeze ndi felemu ya zenera kuti isachepe m'lifupi. Pamene lata lili ndi mizere, phatikiza ziwiri. Poyala uyambire pansi pa zenera, kuti polumikizira pakakhale pansi pamene madzi sakhalitsa, ndipo usaikoke, ingoigoneka. Masikuluwu umange pang'ono mbali iyi, pang'ono mbali inayo, mpaka tepi itatumphukira kunja kuzungulira konse. Masiku otentha ndinkaika mpukutu m'ndowa ya madzi ozizira, apo ayi unkakakamira zala. Ngakhale zinali choncho, m'zikhadabo mwanga munkakhala mwakuda masiku onse, sopo ankalephera.

Ntchito ndiye ndinaidziwa. Chimene chinandivuta ndi pakamwa. Chiswahili ndinachiphunzira, chogulira ndiwo ndi chokwerera maminibasi awo amene amawatcha matatu, koma chosekera ayi. Anzanga a pagalaja anali anthu abwino, tinkamwera limodzi tiyi, ankanditcha Malawi. Koma akayamba nthabwala m'Chikamba, chilankhulo cha kwawo, ndinkaseka mochedwa, osadziwa n'chimene ndikusekacho. Foni ya kumudzi inkakhala yachidule: ana ali bwanji, mvula yagwa, feteleza wavuta, kenako mayunitsi atha. Lamlungu ndinkakhala m'mbali mwa msewu wa ku Mombasa kuwerenga manambala a mathiraki, mwina ndiona ya kwathu. Ndinkasungulumwa koopsa, ndinene zoona. Mapeto ake ndinayamba kulankhula ndi mazenera, kuwakalipira m'Chichewa ngati ana.

Ndimo mmene anandipezera. Tsiku lina ndili pamakwerero ndikulimbana ndi sikuluwu yochita dzimbiri, ndinaikalipira.

"Tuluka iwe, mfiti yachabechabe!"

Kumbuyo kwanga kunamveka mawu a mayi. "Iii, achimwene, yakulakwirani chiyani mpaka kuitchula ufiti?"

Ndinatsala pang'ono kugwa. Nditacheuka ndinaona mayi wamfupi wonenepa akuseka atagwira m'chiuno, ndi bambo wamtali waimvi, wovala mandala. Anali a Matewere ndi akazi awo, kwawo ku Zomba. Bambowo ankagwira ntchito kubungwe lina lalikulu la mayiko ambiri, ankakhala ku Hurlingham, dera la anthu opeza bwino mu Nairobi. Anali atagula kampa yakale kwa mzungu wina wobwerera kwawo, ndipo maganizo awo anali akuti akadzapuma ntchito adzapite nayo ku Malawi. Anabwera nayo kuti tiimate mazenera.

Ndinatsika. Poti manja anali akuda ndinapereka mkono kuti agwire pamenepo. Mayiwo anakana.

"Bweretsani dzanja lenilenilo. Kodi ku Ntcheu moni mumapatsana ndi chigongono?"

"Mwadziwa bwanji kuti ndine wa ku Ntcheu, mayi?"

"Kutukwana kwakeko!"

Tinacheza mpaka dzuwa kupendeka. Ndinawakhazika pamatayala akale. A Matewere ankafunsa ngati kachewere wa ku Tsangano akadali wotchipa, mayi ankandiseka kuti Angoni ife tikasowa nyama timadwala. Nthawi ina mayiwo anaseka mpaka chifuwa chinawatsamwitsa, anatulutsa kapampu m'chikwama n'kupopera mkamwa. Anati ndi mphumu, anabadwa nayo. Ine tsiku limenelo nsagwada zinawawa. Ndinali nditaiwala kuti munthu akhoza kulankhula osayamba wasanja mawu m'mutu.

Potsanzika anandiitana. Anati Lamlungu lomaliza la mwezi Amalawi amakumana kunyumba kwawo, ndibwere. Ndinapitadi. Ndinasita malaya, ndinakwera matatu kupita m'tauni, ina yopita ku Hurlingham. Pageti ndinapeza magalimoto onyezimira ali ndandanda. Ana a sukulu achimalawi ankalowa atavala nsapato zoyera, m'mwamba mukumveka kuseka kwa Chingerezi. Mlonda anandiyang'ana kumapazi, kenako m'manja, n'kufunsa ngati ndabwera kudzakonza mpope. Ndinayang'ana zikhadabo zanga. Ndinamuuza kuti ndasochera, ndinatembenuka n'kubwerera ku Athi River. Atandifunsa pambuyo pake ndinanama kuti ntchito inachuluka. Pagalaja ndinali fundi, mmisiri weniweni, a Matewere ankandifunsa nzeru. Kunyumba kwawo ndikanakhala chiyani ine?

Kampa yawo inali ndi mazenera asanu ndi limodzi, osawerengera venti. Ndinamata venti, ndinamata mazenera asanu, zonse ndi byutilo, ntchito yoti ngakhale Mzee Mutiso anagwedezera mutu. Kanatsala kazenera kakumbuyo, kamene kali kumutu kwa bedi. Ndili pamenepo ndinakumbukira zimene Mzee ankadzitama nazo, kuti munthu amene tammatira zenera sabweranso ndi zenera lomwelo. Ndikamaliza bwino apa, anthu awa apita, ndipo ine ndibwerera kukalankhula ndi masikuluwu.

Pakona pa shedi panali katoni ya tepi yotchipa ija, imene tinkamatira mabokosi a zida. Ndinapita n'kutenga mpukutu umodzi. Ndinautsina, unaduka. Zala zinandiuza, ine ndinazinyalanyaza. Ndinadziuza kuti ndi timadontho chabe, palibe amene anafa ndi timadontho. Ku Kenya mvula imagwa kawiri pachaka, ndiye ndinawerenga kuti ndiziwaona kawiri.

Zinayendadi momwemo. Mvula itangoyamba, kampa ija inalowa pageti. Mayi anatsika atanyamula botolo la thobwa ndi chigumu chokulunga m'nsalu.

"Achimwene, zenera lanu lija likulira!"

Ine ndinachita ngati ndadabwa. Ndinati makampa akalewa ndi ovuta, mwina felemu inapindika. Ndinachotsa zenera, ndinapala, ndinabwezera tepi yotchipa yomwe ija. Tinamwa thobwa, tinaseka, ndinamva za mwana wawo wamkazi wa ku Lilongwe amene ankakana kukwatiwa. Anabweranso mvula yotsatira, n'kubweranso ina. Ulendo wachitatu Mzee Mutiso anakwinya nkhope n'kunena kuti mwina apatse fundi wina ayeseko. A Matewere anakana kwamtuwagalu.

"Uyu ndi wakwathu," anatero m'Chingerezi kuti Mzee amve. Kenako anatembenukira kwa ine. "Munthu wakwanu sangakupusitse, eti achimwene?"

Ndinavomera ndi mutu. Chigumu chawo ndinadya, koma zenera ndinamatabe ndi yotchipa.

Ulendo wachinayi a Matewere anabwera okha. Sanakhale patayala. Anati amayi ali kuchipatala, sabata yatha tsopano, akupumira m'chipangizo. Anali atapita ndi kampa ija ku Naivasha kukapumulako, mvula inawapeza komweko, matiresi ananyowa kumutu konse. Mphumu inayamba, kenako chibayo. Anandipempha kuti ndione ngati pali china kupatula zenera, chifukwa m'galimotomo munkanunkha chinyontho.

Ndinamasula thabwa la kukhoma la kumutu kwa bedi. Mayo ine! Madzi amene ine ndinkati ndi timadontho ankalowa m'kati mwa khoma nyengo zonsezo. Kuseri kwa thabwalo kunali chuku chakuda bii, matabwa atawola, ukawakanikiza chala chikulowa. Mayi wa mphumu ankagoneka mutu wake pamenepo ulendo uliwonse.

"Miyezi iwiri ikubwerayi ndikupuma ntchito," anatero a Matewere. "Tikupita kwathu. Amayi akukana ndege, akuti akufuna kuona dziko, tidzere ku Mbeya, ndipo kumeneko tikapeza mvula. Ndiuzeni zoona, achimwene. Galimotoyi ndi yotha? Ndiitaye?"

Ndikanatha kukhala chete. Ndikanangomata bwino ulendo uno, iwo n'kupita akundiyamika mpaka ku Zomba. Koma munthu ameneyu anali ndi maso ofiira chifukwa chogona pampando wa kuchipatala, ndipo ankanditchulabe achimwene. Ndinatsina tepi ya pafelemu paja n'kuithyola pamaso pawo, inaduka n'kuyoyoka. Ndinakatenga byutilo n'kuikoka, inatamuka.

"Galimoto ilibe vuto, bambo. Iyi ndi imene ndinkayenera kuika. Iyi ndi imene ndinkaika. Maulendo onse."

"Simunkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

"Nanga chifukwa chiyani?"

"Ndinkafuna muzibwera."

Anavula mandala, anawapukuta ndi mpango nthawi yaitali, anawavalanso. Ndinkadikira kuti andimenye kapena aitane Mzee, ndipo zikanakhala bwino akanatero. Koma anangondifunsa, m'Chingerezi choyera cha mu ofesi, kuti galimoto idzatha liti. Ndinayankha m'Chichewa kuti sabata ziwiri. Anabwereza funsolo m'Chingerezi, ngati sanamve. Chichewa chathu chinathera pomwepo.

Sabata ziwirizo ndinagwira ntchito ngati wamisala. Ndinachotsa khoma lonse lakumbuyo, ndinataya matabwa owola, ndinatsegula galimoto kuti iume padzuwa, ndinaika matabwa atsopano. Zenera lija ndinalipukuta ndi spiriti katatu. Byutilo ndinaisankha ndekha, mpukutu watsopano, ndipo ndinautsina kaye ngakhale ndinkaudziwa. Nditamanga ndinadikira dzuwa liwombe masiku awiri, n'kumanganso masikuluwu. Kenako ndinaima ndi paipi kuthira madzi pazeneralo mpaka mkono unachita dzanzi.

Mzee Mutiso anabwera n'kutola kachidutswa ka tepi yakale pansi. Anakathyola, n'kundiyang'ana.

"Malawi, zala sizinakuuze?"

"Zinandiuza, Mzee."

Anapita pakona, ananyamula katoni yonse ya tepi yotchipa n'kukaitaya kudzala.

Tsiku lodzatenga galimoto anabwera onse awiri. Mayi anali ataonda, chitenje atachifunda m'mapewa, kapampu kali m'manja. A Matewere anadutsa osandiyang'ana n'kulowa mu ofesi ya Mzee. Mayi anayenda pang'onopang'ono mpaka kuzenera lija, n'kukanikiza ndi chala tepi yotumphukira m'mphepete.

"Iyi ndiye yeniyeni?"

"Ndi yeniyeni, mayi."

"Bambo andiuza zonse."

Ndinagwada pafumbi pomwepo. Ndinati pepani.

"Dzukani, mukudetsa thalauza," anatero. Anapuma kaye, mpweya unkawavuta. "Inu achimwene ndinu opusa, mukudziwa? Kuchoka ku Hurlingham kufika kuno timadutsa magalaja angati? Mukuganiza kuti tinkapirira mdipiti wa magalimoto wa pamsewu uja chifukwa cha zenera? Kunyumba kuja akabwera anthu aja timangokamba za misonkhano, m'Chingerezi. Ndani amene ndingamuseke kuti ndi Mngoni wokonda nyama? Tsiku loyamba lija tikubwerera, ndinawauza bambo kuti munthu uyu tizimuyendera mwezi ndi mwezi. Lamlungu lija ndinakusungirani mpando mpaka anthu onse anapita. Simunabwere. Ndiye tinati mwina sakutifuna, tisamamusokoneze pantchito."

Ndinadzuka n'kusasa fumbi m'mawondo.

"Nanenso mvula ikayamba ndinkayang'ana zenera limeneli," anapitiriza. "Ndinkati lidonthe, tipeze chifukwa chopitira kwa achimwene. Mukanangonena, bambo inu. Pakamwa munali napo."

Anatsegula chikwama n'kutulutsa botolo la thobwa. Anati aphika dzulo, ngakhale adokotala anawaletsa kuyandikira utsi. A Matewere anatuluka mu ofesi, anawathandiza kukwera, anazungulira n'kulowa mbali yawo. Poliza injini anandiyang'ana kamodzi, n'kugwedeza mutu pang'ono, osanena kanthu m'chilankhulo chilichonse. Kampa inatuluka pageti, fumbi la simenti linaitsatira. Thobwalo ndinalimwa ndekha kuseri kwa shedi, misozi ikugwera m'botolo momwemo.

Ndinakhalanso ku Athi River mvula zingapo, kenako mawondo anayamba kukana makwerero, ndinabwerera. Chisomo ndinamupeza ali wamtali kundiposa, amandipatsa moni waulemu ngati wa mlendo wa kutchalitchi. Wamng'ono uja anafunsa amake kuti bambo awa akhala masiku angati. Amake Chisomo nawo anazolowera kuyendetsa nyumba okha, sindiwaimba mlandu. Kuno aliyense amalankhula Chichewa kuyambira m'mawa mpaka madzulo, pachigayo, pamsika, m'minibasi, koma ine nthawi zambiri ndimangokhala duu. Ndinachisowa zaka zonsezo, ndipo nditachipeza ndinasowa chonena.

Botolo lija ndinabwera nalo, ndimasungiramo masikuluwu. Tsiku lina amake Chisomo atalifuna kuti aikemo palafini ndinawakalipira, kenako ndinawafotokozera nkhani yonse. Anandifunsa kuti kodi ku Zomba ndi kutali. Si kutali ayi. Ukanyamuka m'mawa, masana uli komweko, ndipo kampa yotere m'tauni yonseyo singakhale iwiri, ukhoza kufunsa aliyense. Kawiri konse ndasita malaya. Kawiri konse ndafika pasiteji n'kubwerera, chifukwa sindidziwa kuti pageti pawo ndikapeza ndani, ndiponso kuti a Matewere akandiyankha m'chilankhulo chiti.

Mvula yoyamba ikagwa kuno ndimasiya ntchito, ndimaima pakhonde n'kumayang'ana msewu wochokera ku Balaka. Ndimadziwa kuti palibe kampa imene ikhotere kuno. Zenera lija ndinalimata ndekha, ndi byutilo yeniyeni, polumikizira pali pansi. Silidzadontha.